Chala Chachikulu cha Bambo Anga

Kwa miyezi itatu nkhani iyi ndinaisunga pakhosi. Amayi sindinawauze, mnzanga Anesi sindinamuuze, ngakhale popemphera ndinkangoizungulira. Kumudzi kwathu anthu ankati bambo anga anathera ndalama za fodya pa njuga chifukwa cha tsoka. Ena ankati Gladson wa pa Nsaru anabwera ndi mankhwala kuchokera ku Joni. Zonsezo ndinkazimvera pa mjigo, n'kumangoyang'ana ndowa ikudzaza. Ndinkadziwa kuti amene anawagulitsa bambo ndine.

Ndine Tisiyenji, mwana woyamba wa aFrackson Mbewe. Folomu 4 ndinalemba chaka chatha, mapointi ake osapita nawo kulikonse, ndiye ndili pakhomo. Manyazi ndinabadwa nawo. Kusukulu aphunzitsi ena anamaliza chaka chonse osadziwa kuti mawu anga amamveka bwanji. Munthu akandifunsa funso ndimayang'ana zala zake m'malo mwa nkhope, ndipo mwina n'chifukwa chake ndinaona chimene ena sanachione.

Mwezi wa Epulo ukafika, ine ndi bambo timaswera m'chigafa kusankha fodya. Amayi amamanga ndindi, mlongo wanga wamng'ono Samuel amanyamula. Bambo amatola tsamba n'kulitambasula pa bondo. Likakhala labwino, lalitali, lofewa, losang'ambika, chala chawo chachikulu chimalisisita kawiri, kuchokera pa mtsempha kupita m'mphepete. Kawiri basi, ndiye amaliika kumanja. Likakhala lamawanga kapena lobiriwira, chalacho chimangouma ngati chikuni, tsamba n'kupita kumanzere. Eni akewo sankadziwa kuti amatero. Ine kusankha fodya ndinaphunzira poyang'ana chala chimenecho, tsamba ndinkaliyang'ana pambuyo.

Masiku a mvula tinkasewera makadi pakhonde, kubetcherana mtedza. Ndinazindikira kuti chala chija chimachitanso zomwezo pa makadi. Akatola abwino, sisite sisite. Akatola zinyalala, zii. Mtedza wawo wonse unkathera kwa ine.

"Iwe Tisi, kodi umaona kuseri kwa makadi?" ankatero akuseka, n'kundikhoma pang'ono pamutu. Sindinawauze. Chinali chinthu chimodzi chokha chimene ndinkaposa nacho munthu wina.

Bambo ndi mkamwini. Kwawo ndi ku Nambuma. Nyumba, munda ndi dimba zili pa malo a amayi, ndipo amalume aZakeyu sachedwa kuwakumbutsa zimenezo. Zawozawo zinali ng'ombe ziwiri za ngolo, Bantomu ndi Sitima, zimene anagula atadzimana zaka zinayi. Akakwera pa ngolo ankasanduka munthu wina, mapewa m'mwamba, kuimba mluzu, kupatsa moni aliyense wodutsa, ngakhale amalume amene.

Gladson anabwera chaka chatha. Anatsegula shopu pa Nsaru yogula mtedza ndi soya, sikelo ikulendewera pa khonde. Kuseri kwa shopuyo kuli chipinda cha chitseko cha buluu, ndipo m'menemo ndi momwe amuna amasonkhana Loweruka masana msika ukayamba kuzilala. Njuga yake si ija ya anyamata a pansi pa mtengo. Amaitcha poka, ndipo Gladson amati anaiphunzira m'nyumba zikuluzikulu za njuga ku Joni. Aliyense amalandira makadi awiri obisa, ena asanu amayalidwa pa tebulo pang'onopang'ono, ndipo amene makadi ake agwirizana bwino ndi apatebulowo ndiye amadya. Choopsa chake n'chakuti kubetcha kulibe malire. Munthu atha kukankha ndalama zonse zimene zili patsogolo pake n'kunena kuti "Zonse," ngakhale m'manja mwake mulibe kanthu, kungofuna kuopseza anzake kuti ataye makadi awo. Akataya onse, iye wadya. Koma wina akalimba mtima n'kubwera naye, makadi amatembenuzidwa, ndipo woopseza uja amatuluka chimanjamanja.

Bambo anayamba ndi tindalama ta maganyu a ngolo, ndipo poyamba ankadya. Nkhope yawo sisintha, kaya akondwa kaya akwiya, ndiye anzawo ankasowa pogwira. Ankabwera ndi shuga, buledi, tsiku lina nsapato za Samuel, ine anandigulira chitenje cha maluwa achikasu. Amayi ankadandaula kuti azimayi anzawo a ku tchalitchi akamva anena chiyani, koma shugayo ankathira m'tiyi.

Tsiku lina mu Meyi amayi anandituma kukagulitsa ndowa ziwiri za mtedza woswa kale. Ndinamupeza Gladson ali yekha pa sikelo.

"Ndiwe mwana wa aMbewe, eti? Nambewe!"

Ndinagwedeza mutu.

"Aa, bambo ako atitha kuno. Loweruka anatikolopa tonse, mphunzitsi uja anapita wapansi, ya kabaza analibe." Anakoleka thumba langa pa sikelo. "Munthu uja nkhope yake ndi chipupa. Ine ndasewera ndi azungu, amwenye, anthu a masuti, koma aMbewe sindiwamvetsa ayi. Palibe amene angawadye."

Ankawatama bambo anga, ndipo ndikanangothokoza n'kunyamuka. Sindidziwa chimene chinandilowa. Mwina ndinafuna kuti munthu mmodzi, woyenda kutali, wa nsapato zoyera, adziwe kuti mtsikana woyang'ana pansiyu nayenso ali ndi nzeru.

"Ine ndimawadya," ndinatero.

"Wati chiyani? Kweza mawu, sikelo siluma."

"Kunyumba. Tikamasewera. Ndimawadya nthawi zonse."

Anaseka mpaka kugwirira chitseko. "Iwe? Usandinamize, Nambewe. Amakusiyira dala, ndiwe mwana wawo."

"Sandisiyira."

"Nanga umawadya bwanji?"

Ndinamuonetsa. Ndinachita kutola kapepala pansi n'kukasisita kawiri ndi chala. Ndinafotokoza za fodya, za kumanja ndi kumanzere, za pakhonde nthawi ya mvula. Ndinali ndisanayankhulepo mawu ambiri choncho kwa mlendo. Gladson anasiya kuseka. Anandimvetsera momwe munthu anali asanandimvetserepo, ndipo pomaliza anati, "Uli ndi mutu iwe. Sukulu inakulakwira." Mtedza uja anaugula pa mtengo woposa umene unalembedwa pa katoni. Ndinapalasa njinga kubwerera ndikumwetulira ndekha njira yonse.

Loweruka lotsatira bambo anabwera opanda shuga. Linalo anabwera osayankhula. Mu Juni mabelo athu anagulidwa ku okushoni, ndalama zinalowa, ndipo m'masabata atatu zinali zitadutsa pa chitseko cha buluu. Feteleza wa chaka chino, malata amene amayi ankawayembekezera kuyambira ndili ku pulayimale, zonse. Kenako m'mawa wina Bantomu anatuluka m'khola osabweranso. Lachitatu lake ndinadutsa kwa abutcha pa Nsaru, ndinaona chikopa chitayanikidwa pa mpanda, chakuda, chili ndi banga loyera la Bantomu longa dzanja paphewa. Ndinatsika pa njinga n'kusanza m'ngalande.

Sitima anatsala yekha. Ng'ombe imodzi sikoka ngolo, ndiye goli linangotsamira pa chigafa, nkhuku n'kumakwerapo. Sitimayo ankalira m'mawa ndi madzulo atayang'ana kumsewu.

Bambo sanaganize kuti akugonja kwa munthu. Ankati pali amene akuwatsekereza mwayi, ndipo mlandu unagwera amayi. "Mumandiyankhula m'mawa Loweruka, NaPhiri. Mawu anu aja a musapite musapite ndi amene amanditsata mpaka pa tebulo." Kuyambira pamenepo, Loweruka m'mawa amayi sankatsegula pakamwa mpaka bambo atakhota pa mjigo. Madzi osamba ankangowaikira, tiyi kungowaikira, ngati nyumba ya maliro.

Loweruka lina bambo atapita, ine ndi amayi tinali kupeta soya kuseri kwa nyumba. Amayi anasiya lichero n'kukhala pa ndowa.

"Tisi, lero sindinayankhule, eti?"

"Simunayankhule."

"Koma ndinatsokomola ali pakhomo. Kodi anamva?" Anapukuta manja pa chitenje. "Mwina ndinedi. Bambo ako asanayambe kudandaula za ine ankadya ndithu. Mwina mtima wanga ndi umene uli woipa."

Ndinapitiriza kupeta mpaka mankhusu anandilowa m'maso, kuti misozi ikhale ndi chifukwa. Ndinkadziuza kuti mwina Gladson anaiwala zimene ndinanena, mwina ndi tsokadi.

Kudzinamiza kumeneko kunatha mu Julayi. Samuel anatentha thupi Loweruka masana, kumanjenjemera pa mphasa, ndipo njinga yomutengera kuchipatala ku Kabudula inali ndi bambo. Amayi anati, "Thamanga ukaitenge. Akakana ulire pomwepo."

Mtsikana salowa m'chipinda chija, koma palibe anandiletsa chifukwa palibe anatembenuka. Munali amuna asanu ndi mmodzi atazungulira tebulo loyalidwa bulangete lobiriwira. Zenera analitseka ndi katoni, babu likuyaka pomwe panja dzuwa likuswa mtengo. Fungo linali la thukuta ndi ndudu. Ndalama zinali milumilu patsogolo pa aliyense, ndipo mulu wa bambo ndi umene unali wochepa. Ndinaima kumbuyo kwawo n'kumayang'ana.

Mphunzitsi uja ndiye ankagawa makadi. Bambo anakweza ngodya za awo awiri atawatchinga ndi dzanja. Nkhope chipupa ndithu. Koma chala chinasisita. Kamodzi, kawiri. Anaponya ndalama pakati.

Gladson nkhope yawo sanaiyang'ane n'komwe. Maso ake anali pa bulangete, pafupi ndi dzanja la bambo. "Ndagona, aMbewe," anatero, n'kuponya makadi ake chafufumimba. Enawo ataona kuti Gladson wataya, nawonso anataya mmodzimmodzi.

Bambo anamenyetsa makingi awiri pa tebulo. "Taonani! Ndikapeza zenizeni mumathawa nonse!" Anakokera kwawo tindalama tosakwana n'komwe kugula paketi ya shuga.

"Ndinu oopsa, madala," anatero Gladson. "Titani nanga?"

Anagawanso. Bambo anasuzumira. Chala chinauma. Makadi atatu anayalidwa, kenako lachinayi, kenako lachisanu, mulu wa pakati ukukulirakulira. Bambo anakankha ndi manja awiri zonse zimene anatsala nazo.

"Zonse."

Wogula soya wina wa ku Mpingu anataya. Mphunzitsi anataya akupukusa mutu. Gladson sanaganize ngakhale pang'ono. "Ndabwera nanu." Anatembenuza timasikisi tiwiri, timakadi tofooka toti munthu sangabetcherepo ngakhale nkhuku. Bambo anakhala kaye atagwira awo, kenako anawasiya agwe okha. Munalibe kanthu.

"Ndi masikisi, amwene?" anakuwa wa ku Mpingu uja. "Ayi, inu muli ndi kanthu m'thumba. Tigawireniko!"

Gladson anakumbatira ndalama n'kuzikokera kwa iye. Apo m'pamene anakweza maso n'kundiona. Sanadzidzimuke. "Aa, Nambewe, walowa nthawi yanji? Mtedza uja unali wabwino. Ubweretsenso."

Bambo anatembenuka. Manyazi otero ndinali ndisanawaonepo pa nkhope ya munthu wamkulu. Ndinangoti, "Samuel wadwala. Njinga." Anandipatsa kiyi wa loko atayang'ana kumbali.

Samuel anachira, anali malungo. Koma amalume anamva kuti mwana anachedwa kuchipatala chifukwa njinga inali ku njuga. Anabwera Lamulungu titaweruka ku tchalitchi, ndipo mpando anaukana.

"Alamu, ng'ombe yatsalayo ndi yanu, sindikukana," anatero ataima pabwalo, anthu a nyumba zoyandikana akumva. "Koma tsiku limene idzatuluke m'khola umu kupita kwa abutcha, inu mudzatsatane nayo mpaka ku Nambuma. Mlongo wanga sangamaweramire khasu kudyetsa tebulo la Gladson. Mwamva?"

"Ndamva, alamu."

Masabata atatu bambo sanapite. Analibe chopita nacho. Ankakhala pakhonde ndi makadi athu akale aja, kudzigawira okha, kuyankhula okha. "Sizingapitirire chonchi. Makadi sangadane ndi munthu mpaka kalekale. Tsiku limodzi lokha, Tisi, ndibwera ndi Bantomu wina." Ankandiitana kuti tisewere, ine n'kumanamizira ntchito. Ndikadutsa ndi ndowa ndinkaona chala chija chikusisita, chikuuma, chikusisitanso.

Lachinayi la sabata yachitatu ndinamva bambo akufunsa munthu pa foni mtengo wa ng'ombe. Masana ake ndinapita kwa Gladson, wopanda mtedza. Ndinaima pafupi ndi sikelo mpaka ogulitsa onse atachoka.

"Musawalolenso bambo kulowa," ndinatero.

"Ine sindiitana munthu, Nambewe. Chitseko chija amakankha okha." Ankasoka thumba, osandiyang'ana. "Ngati uli ndi mawu, kawauze bambo ako. Ukayambire poyambira penipeni, pa mtedza paja." Anadula ulusi ndi mano. "Koma iwe ndimakudziwa. Sungathe."

Ananena zoona. Ndinayesa Lachisanu m'mawa ndikuwapatsa madzi. Ndinayesanso madzulo ake, ali m'khola kumuchotsa Sitima nkhupakupa. Ndinkafika pa "Ababa," iwo n'kuti "Ee?", ine n'kuti "Palibe." Ndinkaganiza za amayi amene anakhala chete Maloweruka onse aja pa mlandu wanga, za chikopa cha pa mpanda, za chitenje cha maluwa achikasu chimene ndinali nditasiya kuvala. Ndinkaona kuti ndikangonena, dzanja lija limene linkandikhoma pamutu posewera silidzandikhudzanso.

Loweruka dzuwa likutuluka ndinamva mipiringidzo ya khola ikugwa. Amayi anali pakhomo la khitchini atagwira tsache. Anaona zonse, milomo yawo inagwedera, koma linali Loweruka, ndipo anali atazolowera. Bambo anavala jekete la ku tchalitchi. Anamumanga Sitima chingwe m'nyanga n'kuyamba njira ya kumsika. Chikwama cha zovala sanatenge. Ankakhulupiriradi kuti madzulo abwera ndi ng'ombe ziwiri.

Ndinawatsatira wopanda nsapato. Tinadutsa mjigo, tinadutsa dimba, tinafika pa kamlatho ka mitengo pomwe njira yathu imakumana ndi msewu wa fumbi. Kutsogolo kunkaoneka anthu a njinga atanyamula mbuzi ndi matumba. Sitima anaima kununkhiza timadzi ta m'khwawa.

"Bwerera, Tisi. Ukutsata chiyani?"

"Ababa."

"Ee?"

Ndinayang'ana dzanja lawo pa chingwe. Ndinadziwa kuti ng'ombeyi ikangoponda msewu, anthu aiona, ndipo amalume amva dzuwa lisanakwere.

"Si tsoka, ababa. Si amayinso. Gladson amayang'ana chala chanu."

"Chala?"

"Chachikulucho. Mukapeza makadi abwino mumawasisita kawiri, ngati tsamba la fodya. Mukakhala mulibe kanthu chimauma. Iye nkhope yanu saiyang'ana. Mukasisita amataya, mukapanda kusisita amabwera nanu. Simungamudye, ababa. Tiyeni tibwerere naye Sitima amalume asanamve."

Mawuwo anatuluka mothamangitsana, ndinatsala ndikupuma ngati ndakwera phiri.

Bambo anakweza dzanja n'kuyang'ana chala chawo ngati n'cha munthu wina. Ndinaona kuti akukumbukira Loweruka lililonse, makingi aja, masikisi aja. Ndinkadikira kuti mapewa agwe, atembenuze ng'ombe.

Koma nkhope yawo inayamba kuwala.

"Ndiye kuti mnyamata uja amakhulupirira chala ichi," anatero pang'onopang'ono. "Ndikasisita ndili ndi zinyalala, athawa. Ndikachiumitsa ndili ndi makingi, abwera ndi zake zonse." Anaseka, kuseka kumene ndinali ndisanakumve chichokereni Bantomu. "Tisi! Mwana wanga! Lero aona!"

Dzanja linabwerera pa chingwe, ndipo ndinaona chala chija chikusisita chingwecho. Kamodzi, kawiri. Pomwepo, akulonjeza kuti achilamulira, chinkachita zake iwo osamva.

"Ababa, chonde."

Anamukoka Sitima kukwera pa kamlatho, ziboda zikugogoda mitengo. Atayenda mapazi angapo anaima n'kutembenuka, chipumi chitakwinyika pang'ono.

"Koma dikira. Chinthu chimenechi ine mwini wake sindimachidziwa. Amayi ako sachidziwa. Gladson wabwera dzulodzuloli. Anachidziwa bwanji?"

Ndikanatha kunena kuti kaya, ndipo akanakhulupirira. Koma ulendo uno zala sindinaziyang'ane, ndinawayang'ana kumaso.

"Ndinamuuza ndine, ababa. Mu Meyi, pa sikelo. Ndinkafuna anditame."